Mwawerenga mapazi ake, tsono mubwera?

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku msonkhano wa zaumoyo pa hotela ina m'tauni muno. Mukuidziwa misonkhano yake: mphepo yozizira ya makina, madzi a m'botolo, masamusa nthawi ya 10 koloko. Mnyamata wina wovala bwino, waulemu ndithu, anaimirira kutsogolo atagwira kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anati dzina lake ndi sensa. Ukakamangirira m'chiuno kapena pamkono pa munthu wodwala multiple sclerosis, kamawerenga mapazi ake, liwiro lake, kupendama kwake ndi nthawi imene wakhala pansi osayenda, kenako n'kutumiza zonsezo kwa dokotala pa intaneti. Kena amakakhomera pakhoma kuti kazizindikira wodwala akamachoka kuchipinda kupita kukhitchini. Anati kasamalidwe ka odwala ka mawa ndi kameneka, ndipo Zambia asatsalire.

Anthu anaomba m'manja. Anga analemera. Ndinali kuganiza za mlongo wanga amene ndinamusiya ku Chawama m'mawa umenewo, atakhala pampando wapulasitiki pakhomo, akudikira mwana wake aweruke kusukulu kuti amuthandize kupita kuchimbudzi. Nthawi ya mafunso inadyedwa ndi chakudya chamasana, choncho zimene ndinafuna kunena mu holo muja ndizinena pano.

Ndiyambe ndi matendawo, popeza ambiri a ife sitinawamvepo ndipo m'chinenero chathu alibe dzina. Mitsempha ya muubongo ndi ya mumsana ili ndi chikuto, monga pulasitiki imene imakuta nthambo ya magetsi. Aliyense wa m'komboni amadziwa zochita za nthambo yosendeka: babu limaphethira, wailesi imaduladula, tsiku lina zonse zii. Mu multiple sclerosis, imene madokotala amaifupikitsa kuti MS, asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kuwononga chikuto chimenecho. Uthenga wochokera kuubongo umafika mochedwa kumiyendo, kumaso ndi kuchikhodzodzo, nthawi zina osafika n'komwe. Munthu amamva dzanzi, amaona chifunga m'diso limodzi, amadzandira ngati waledzera pamene sanalawe ndi dontho lomwe, amatopa kutopa kosamveka. Matendawa amakonda kuyamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo akazi amawadwala kawiri kuposa amuna. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anawafotokoza mu 1868. Mu 2020 bungwe la MS International Federation linawerengera kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni amene ali nawo. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma oletsa matendawa kuthamanga alipo, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga.

Mawu akuti msangawo ndiwo amandipweteka. Mlongo wanga anali mayi wa pamsika, wodzuka 4 koloko m'mawa kukaoda tomato ku Soweto. Zinayamba ndi diso. Anapatsidwa mankhwala odonthezera, diso linayera lokha patapita masabata, tonse n'kuiwala. Chaka chotsatira mwendo wamanzere unayamba kukhwekhwereza. Anamuyeza HIV katatu konse. Anamuganizira TB ya msana, kenako sitiroko. Mneneri wina anatigulitsa mafuta odzola. Sing'anga wina analoza azakhali athu a kumudzi, ndipo mpaka lero pabanja pathu pali makomo awiri amene sapatsana moto. Anzake a pamsika anayamba kunong'onezana kuti mayiyu wayamba kachasu. Mwamuna wake anapita kukagwira ntchito ku Solwezi, ulendo wake ndi womwewo. Zinatenga zaka zinayi kuti aonedwe ndi dokotala wa mitsempha ndi kujambulidwa pa makina a MRI, ndi ndalama zimene abale tinasonkherana. Tsiku limene matenda ake anapatsidwa dzina, anali atasiya kale kuyenda yekha.

Ndisanakalipe, ndivomere chimene chili choona. Kasensa kaja si kabodza. MS imadya munthu pang'onopang'ono, ndipo dokotala amamuona kwa mphindi zochepa pakapita miyezi. Njira imodzi yoyezera ndiyo kumuyendetsa wodwala mtunda wa mafiti 25, pafupifupi mamita 7 ndi theka, pasimenti yosalala, dokotala akuyang'ana wotchi. Tsiku la kuchipatala wodwala amadzilimbitsa, amasamba, amavala chitenje chabwino, amayenda mwa ulemu. Zimene zimachitika Lachitatu usiku kunyumba dokotala saziona. Kachipangizo kamene kamamva kugwedezeka ndi kutembenuka kwa thupi tsiku lonse kangathe kuona kusintha kumene diso la dokotala lingaphonye. Ndi chifukwa chake makampani aakulu a mankhwala akulimbikira njira imeneyi. Roche ya ku Switzerland inapanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa Floodlight yoyezera kayendedwe ndi kagwiridwe ka manja ka odwala MS. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindikutsutsa kuthwa kwa kalumoko. Ndikufunsa kuti kadzameta mutu uti, pamene mitu yake sitinaipeze.

Funso loyamba ndi limenelo: mukufuna kulondola ndani? Kwa zaka zambiri ophunzira udokotala ankauzidwa kuti MS ndi matenda a azungu a kumayiko ozizira. Dokotala safunafuna chimene anaphunzitsidwa kuti kwathu kulibe. Koma mu 2013 kafukufuku wa zipatala za Kaiser Permanente ku California anapeza kuti akazi akuda kumeneko amagwidwa ndi MS kuposa akazi achizungu. Kuno kwathu, kufikira 2018 kunalibe maphunziro a madokotala a ubongo ndi mitsempha. Anayamba chaka chimenecho ku UTH ndi University of Zambia, motsogozedwa ndi Dr Deanna Saylor wa ku Johns Hopkins, ndipo oyamba anamaliza mu 2020. Imeneyo ndi ntchito yoyenera kuiombera m'manja, ndipo madokotalawo atangoyamba, odwala MS anayamba kupezeka. Komabe kalembera wa 2022 anapeza kuti m'dziko muno tilimo anthu 19.6 miliyoni, pamene madokotala a mitsempha ndi owerengeka, ambiri ali mu Lusaka. Makina a MRI nawonso ndi ochepa, ndipo kuzipatala zolipira mtengo wake ndi masauzande a kwacha. Lero lino ku George, ku Mtendere ndi ku Matero kuli atsikana amene akudzandira m'njira, akutchedwa zidakwa kapena olodzedwa. Amenewo sensa siidzawapeza, chifukwa imamangidwa pa munthu amene matenda ake adziwika kale. Mukuyambira kudenga, maziko musanakumbe.

Funso lachiwiri: mukunena nyumba iti? Pa chithunzi chimene mnyamata uja anationetsa panali nyumba ya zipinda zinayi, chimbudzi m'kati, gogo mmodzi wachizungu akukhala yekha ndi mphaka. Kwa mlongo wanga n'zipinda ziwiri, anthu asanu ndi awiri. Sensa ya pakhoma imamva kutentha kwa thupi la chilichonse chodutsa. Idzasiyanitsa bwanji wodwala ndi mwana amene wathamangira mchere, ndi mnansi amene wabwera kudzapala moto wa pambaula? Chimbudzi chili panja, chogawana mabanja anayi, ndipo njira yake ili ndi miyala, ngalande ndi chingwe choyanikapo zovala. Kumeneko ndiko anthu athu amagwera, kumene khoma lanu silipenya.

Ya m'chiuno nayonso ili ndi mlandu wake. Makina otere amaphunzira kayendedwe kabwino ndi koipa poyezera anthu ambiri, ndipo ambiri mwa anthuwo anayezedwa ku Ulaya ndi ku America, akuyenda pamalo osalala. Bweretsani makinawo ku Kanyama mu Januwale. Komboni imeneyo inamangidwa pa thanthwe, madzi a pansi ali pafupi, mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Anthu amayenda molumpha pa njerwa ndi pa matumba a mchenga, nsapato zili m'manja. Ngakhale wosewera mpira wa City of Lusaka, mutam'mangirira sensa, ingamulembe kuti akudwala. Wodwala weniweni satuluka n'komwe kwa masabata. Mzere wa pa kompyuta ya dokotala udzatsika, dokotala n'kuganiza kuti matenda akula, chonsecho akula ndi matope. Ikafika Okutobala, malata atenthetsa nyumba ngati uvuni, miyendo ya wodwala MS imafooka ndipo maso amachita chifunga. Zoti kutentha kumakulitsa zizindikirozi anazilemba kale Wilhelm Uhthoff mu 1890. Mankhwala a tsiku lotero ndi mthunzi, madzi ozizira ndi fani. Fani ifuna magetsi. Sensa nayo ifuna magetsi omwewo, ndi foni yotchajidwa, ndi mabandulo. Kodi taiwala 2024? Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, ndipo miyezi ina tinkakhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. M'nyumba imene foni imodzi ndiyo tochi, banki ndi wailesi, mukuganiza kuti batire lotsala lidzaperekedwa kwa kowerenga mapazi?

Koma tiyerekeze kuti zonsezi mwazithetsa. Mwabweretsa sola, mwalipira mabandulo, mwaphunzitsa makina anu matope a ku Kanyama. Funso lachitatu ndilo lalikulu. Usiku wina kanyali kofiira kayaka pa kompyuta: wodwala nambala yakutiyakuti wasiya kuyenda. Adzabwera ndani? MS ikabuka mwamphamvu, wodwala amafunika mankhwala monga methylprednisolone, a m'diripu, kwa masiku atatu kapena asanu. Kuti akafike kumene kuli diripuyo, minibasi sangakwere, sitepe yake ndi yaitali ndipo kondakitala sadikira. Takisi imakana kulowa m'komboni nthawi ya mvula. Ife tinamutengapo mlongo wanga pa wilibala ya malasha mpaka kumsewu wa tara, atadziphimba nkhope ndi chitenje chifukwa cha manyazi. Palibe sensa imene inkafunika kutiuza kuti wadwala. Tinkaona ndi maso athu. Chimene chinasowa ndi galimoto, bedi ndi mankhwala.

Mu Julayi 2023 bungwe la World Health Organization linaika kwa nthawi yoyamba mankhwala atatu a MS pa ndandanda ya mankhwala ofunika kwambiri: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma kulembedwa ku Geneva ndi kwina, kupezeka pa shelefu ndi kwina. Rituximab amaperekedwa m'diripu pakapita pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo banja likamagula lokha, botolo lililonse ndi msonkhano wa abale, kugulitsa firiji, kukongola kaloba. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana kusikelo amadziwa kuti sikelo siinenepetsa mwana. Nesi angalembe pakhadi mwezi ndi mwezi kuti mwana akutsika, koma ngati kunyumba kulibe phala, khadilo limangosanduka mbiri ya njala. Kuyeza mwaluso mmene munthu akufookera, wopanda chomupatsa, ndi nkhanza yovala suti.

Funso lachinayi ndi la ulemu. Kachipangizo kameneka kadzadziwa kuti mlongo wanga wadzuka kangati usiku kupita ku chidebe, wagona nthawi yanji, wakhala maola angati osasuntha. MS imavutitsa chikhodzodzo, ndipo zimenezo ndi zinthu zimene mayi wachikulire sauza ngakhale mlongo wake. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera. Koma tikudziwa mmene chilolezo chimapemphedwera m'komboni: masamba asanu ndi limodzi a Chingelezi, cholembera chili kale m'manja, ndi ka ndalama ka thiransipoti pamapeto. Wodwala amene wakhala zaka zinayi akufuna womumvera angakane bwanji? Pulojekiti ikatha, zaka ziwiri kapena zitatu, manambala ake amakwera ndege, amakalembedwa m'mabuku a akatswiri, wina amalandira digiri. Kachipangizo kamatsala m'kabati, batire litafa. Mu 2025 tinaona ndi maso athu mmene thandizo la ku America linaimira mwadzidzidzi, ogwira ntchito za umoyo ambiri n'kuuzidwa kuti akhale kunyumba. Chimene chaima pa ndalama za mlendo chimanyamuka tsiku limene mlendo wanyamuka.

Ndipo ndikuuzeni, m'nyumba ya mlongo wanga sensa ilimo kale. Ndi mwana wake wamkazi wa zaka 14. Amadziwa kuti tsiku laipa pongomva mmene patapata ya amake ikukhwekhwerera pasimenti. Amadziwa kuti kapu ikapulumuka kawiri m'mawa umodzi, dzanja layamba. Anaphunzira yekha kuti mkodzo ukasintha fungo ndipo thupi likatentha, miyendo ifooka mawa lake, ndipo dokotala anatsimikiza kuti matenda a m'njira ya mkodzo amakulitsadi zizindikiro za MS. Sensa imeneyi siifuna mabandulo. Ikaona kuti munthu wagwa, imamudzutsa, kumusambitsa ndi kumuphikira. Malipiro ake ndi masiku amene wajomba kusukulu. Mu holo muja munalibe amene anamutchula, ndipo pa bajeti ya mnyamata uja panalibe mzere wake.

Ndikudziwa chimene mudzandiyankhe. Mudzati ndine wodana ndi chitukuko, wofuna kuti anthu a m'komboni azitsalira. Mudzati onani ndalama za pafoni: anthu ankati sizingatheke, lero agogo a ku Katete akulandira ndalama osaponda kubanki. Zoona. Koma taganizani chimene chinachititsa kuti zitheke. Kumapeto kwa uthenga wa pafoni kuli kabuthi pakona, muli mtsikana ndi ndalama zenizeni m'manja. Chotsani mabuthi onse mu Kalingalinga, muone ngati uthengawo ungagule ndiwo. Sensa yanu ndi uthenga wopanda buthi. Mangani kaye buthi, ndiko kuti nesi woyankha, galimoto yobwera ndi mankhwala a pa shelefu, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuimangirira pamkono pa mlongo wanga.

Sitikuyambira pachabe. Makomboni omwewa anadutsa m'zaka zowawa za Edzi, mankhwala a ma ARV asanafike, ndipo amene anatisunga ndi azimayi a m'mipingo, makamaka a m'maparishi a Katolika, oyenda khomo ndi khomo ndi sopo, magulovu ndi ufa wa phala. Ankadziwa wodwala aliyense m'dera lawo ndi dzina. Kuyambira 2011 boma lakhala likuphunzitsa ma Community Health Assistant. Ku Kanyama, Chawama, Matero, Chipata ndi Chilenje makiliniki anakwezedwa kukhala zipatala. Tili ndi NHIMA, tili ndi lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012. Mafupa alipo, akusowa ndi mnofu.

Choncho inu a mapulojekiti, ngati ndalama muli nazo, nayi ntchito yake motsatana. Phunzitsani ma clinical officer ndi manesi a m'makomboni kuti mtsikana wobwera ndi diso limodzi lachifunga, dzanzi losamveka kapena kudzandira, HIV palibe, atumizidwe msanga kwa dokotala wa mitsempha. Onetsetsani kuti makina a MRI a boma akugwira ntchito ndipo mayi wogulitsa tomato angajambulidwe popanda kugulitsa katundu wa m'nyumba. Limbanani ndi unduna kuti mankhwala aja atatu, kapena ngakhale amodzi mwa iwo, azipezeka mosadukiza. Tumizani ophunzitsa mafizo m'makomo, ndi ndodo, zoyendera ndi mipando ya chimbudzi. Lipirani mmisiri wa m'komboni akonze sitepe ndi kuika chogwirira panjira ya kuchimbudzi. Thandizani ana amene akulera makolo awo kuti asasiye sukulu. Zinthu zimenezi sizidzathandiza a MS okha. Wa sitiroko, wa ngozi ya pamsewu ndi gogo wothyoka chiuno adzapumira pomwepo.

Mukatero, bwerani nayo sensa yanu, koma ndi malamulo athu. Igwire pa foni imene wodwala ali nayo kale. Iyezedwe m'matope athu ndi m'kutentha kwathu musanaikhulupirire. Mufotokoze m'Chinyanja, pakamwa, pamaso pa wachibale, ndipo wokana asatayike pa mzere wa mankhwala. Mulembe pa pepala dzina la ofesi imene idzayankha kanyali kofiira kakayaka, ndi maola amene idzatenge. Manambala akhale a mwini thupi, ndipo pulojekiti ikatha auzidwe chimene mwapeza. Ngati limodzi la malamulowa likukuvutani, ndiye kuti mumafuna mapazi ake, mwini mapaziwo simukumufuna.

Madzulo a tsiku la msonkhano ndinafika ku Chawama ndi kachikwama ka pepala, muli cholembera ndi kabuku ka zithunzi. Mlongo wanga anali pampando womwe uja, atauzunguliza kutsata mthunzi. Anandifunsa zimene akuluakulu akambirana, ndipo ndinamufotokozera zonse, osachotsa kanthu, ngakhale zabwino zake. Anatembenuza kabukuko, n'kuyang'anitsitsa gogo wachizungu uja ndi mphaka wake.

"Alongo," anatero, "kameneka kakaona kuti ndagwa, kadzandidzutsa?"

Ndinati ayi, kadzauza dokotala.

"Nanga dokotalayo adzabwera?"

Sindinayankhe. Mwana wake anatuluka ndi beseni la madzi, nsalu ili paphewa, yunifomu ya kusukulu asanavule n'komwe. "Amalume, tagwirani uku," anatero. Ndinaika kachikwama kaja pansi, ndinagwira mlongo wanga m'khwapa, ndipo tinamuimiritsa.